Kusaka chobisika pa njinga: ulendo wa banja m'munsi mwa phiri la Mulanje

Sukulu zikatsekera, makolo ambiri amadandaula zinthu ziwiri. Mwana wa pa boma kapena pa Chitakale amangoti kakaka pa foni, pomwe wa kumudzi amasowa m'mamawa n'kudzatulukira dzuwa litalowa, osadziwika komwe waswera. Alipo masewera amene amaphatikiza foniyo ndi kuyendayendako, koma kholo lili pomwepo. Kunja amawatcha geocaching. Munthu amabisa kabotolo pamalo ena n'kulemba manambala osonyeza malowo. Anzake amatsata manambalawo pa foni mpaka kukapeza, amalemba maina awo m'kabuku kamene kali m'katimo, n'kukabwezera pomwe kanali. Amafanana ndi chibisalirano, kungoti wobisala ndi botolo ndipo bwalo lake ndi makilomita angapo.

Masewerawa si akale. Mpaka mu Meyi 2000, boma la America linkasokoneza dala masiginolo a GPS kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Litasiya kutero pa 2 Meyi chaka chimenecho, tsiku lotsatira bambo wina dzina lake Dave Ulmer adabisa ndowa kutchire ku Beavercreek, m'chigawo cha Oregon, n'kulengeza manambala ake kuti aone ngati anthu angaipeze. Adaipezadi. Lero zobisika zotere zikupitirira 3 miliyoni m'maiko oposa 190. Mabanja ambiri a ku Ulaya ndi ku America amakonda kuchitira masewerawa pa njinga, m'njira zomwe kale zinali njanji. Chitsanzo ndi njira ya pakati pa Bristol ndi Bath ku England, ya makilomita 21, yomwe adaikonza pakati pa 1979 ndi 1986 atazula zitsulo za sitima. Njira zotere zimakomera ana chifukwa sitima sikwera chitunda chachikulu, ndiye njirayo imakhala yosalala, komanso galimoto sizidutsamo.

Kuno njira yoteroyo tilibe, ndipo pasapezeke wokunamizani kuti njanji ya ku Luchenza ingalowe m'malo mwake. Njanjiyi, yomwe idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje ndipo idatumikira minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo kwa zaka zambiri, idaduka ku Chiromo madzi atasefukira mu 1997. Koma kuduka kwa kumunsi sikutanthauza kuti yonse ndi yotayidwa. Ili ndi eni ake, ntchito yoikonza yakhala ikuchitika, ndipo munthu wopezeka akufukulafukula m'mbali mwa zitsulo amamuyesa wakuba. Ngakhale malamulo a masewerawa amaletsa kubisa pafupi ndi njanji. Zomwe tili nazo ife n'zabwino kuposa pamenepo: timisewu ta dothi toyenda pakati pa minda ya tiyi, ya chinanazi ndi ya nthochi, phiri lili chiimire pambali kuti musasochere.

Yambani ndi anthu, botolo pambuyo

Amene adayambitsa masewerawa amanyadira kubisa mwakachetechete kuti odutsa asazindikire. Mwambo umenewo usiyeni komweko. Kuno munthu wowerama pansi pa mtengo wa eni ake, akukankhira kabotolo m'phako uku akuyang'anayang'ana, sitimuona ngati akusewera. Timati akutchera mankhwala. Ndipo anthu a ku Mulanje sadaiwale za mu Seputembala ndi Okutobala 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidagwedeza boma lino ndi la Phalombe n'kufalikira m'maboma ena. Anthu adatseka misewu, alendo adamenyedwa, ena adaphedwa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa kaye antchito ake m'maboma awiriwa. Banja loyenda ndi foni m'mwamba, likuima apa ndi apo n'kumasuzumira m'tchire, likhoza kudzutsa mafunso omwe simungawayankhe gulu litasonkhana kale.

Choncho kutatsala masiku angapo, pitani kwa anyakwawa a dera lomwe mudzadutse. Tengani botolo limodzi, mulitsegule pamaso pawo, aone zam'kati. Mawu ake si ambiri: "Zikomo amfumu, tabwera kudzapempha. Loweruka tikufuna kuyenda ndi ana pa njinga m'mudzi muno. Tiika timabotolo ngati aka m'malo asanu kuti ana azisaka, ndipo madzulo tichotsa tonse." Mafumu ambiri amaseka n'kuvomera, ena amapempha kuti adzukulu awo abwere nawo. Avomereni. Mwana wa m'mudzimo akakhala pagulu lanu, palibe amene angakufunseni kuti ndinu yani.

Minda ikuluikulu ya tiyi ndi malo a eni ake, ngakhale anthu amadutsamo tsiku ndi tsiku popita kuntchito ndi kumsika. Kudutsa n'kwina, kusiya chinthu n'kwinanso. Kapempheni ku ofesi ya esitetiyo, ndipo mlonda wa mbali imeneyo adziwe. Akakana, musakangane nawo. Dutsani chabe, mabotolo mukaike kwina.

Njira imene ine ndimaiona yabwino koposa ndi yopatsa botolo lililonse mlonda wake. Lina likhale kuseri kwa nkhokwe ya agogo, lina pa golosale ya munthu wodziwana naye, lina pansi pa mtengo pomwe amakonzera njinga, lina kwa azakhali. Mwini malo akudziwa pomwe lili koma sanena. Ana akafika, ayambe aodira, apereke moni bwinobwino, kenako asake. Botolo silibedwa, palibe woganiza za ufiti, ndipo ana amadziwa abale omwe amangowamva maina.

Malo ena ndi osayesa n'komwe. Kumanda ndiye koyamba, ndipo kumbukirani kuti m'dera lothinana ngati la Mulanje kankhalango ka mitengo yachilengedwe kotsala pakati pa minda nthawi zambiri kamakhala manda. Mwana wakutauni sadziwa zimenezi, amangoona mthunzi wabwino. Pewaninso pamphambano, pachitsime ndi pamjigo, pansi pa milatho, pafupi ndi thiransifoma, ndi m'munda mwa munthu muli mbewu.

Botolo ndi zam'kati

Botolo la pulasitiki loonekera m'kati, lotseka ndi chivindikiro chopota, ngati lomwe mumagulira chiponde, ndi lokwanira. Litsukeni ndi sopo mpaka fungo lithe, apo ayi nyerere ndi makoswe zilipeza ana asanafike. Kunja kwake matani pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu: "Awa ndi masewera a ana. Mulibe mankhwala, mulibe ndalama. Amfumu akudziwa." Pansi pake lembani nambala ya foni ya munthu wamkulu.

M'kati ikani kabuku kodula ku kope lakale, pensulo yaifupi, ndi tinthu tosinthana: mabulo, labala, chosongolera pensulo, kachidole kakang'ono, baluni. Lamulo lake n'lakuti ukatenga kanthu usiye kanthu kofanana nako mtengo. Zakudya ayi. Machesi, mpeni, lezala ndi mapilitsi ayi. Onjezani lamulo lathu lakuno: musaikemo mikanda, tizidutswa ta nsalu yakuda kapena yofiira, mizu, nthenga kapena tsitsi la chidole. Kwa mwana n'zoseweretsa, koma wodutsa akaziona m'botolo nkhani yake imakhala ina.

Musakwirire botolo pansi. Liikeni paphanda ya nthambi, kuseri kwa mwala, kapena limangirireni ndi chingwe pamtunda woti mwana wamng'ono afikire ataimirira. Pewani maenje, mapako akuya ndi milu ya zinyalala, chifukwa ndimo mumakhala mphiri ndi zinkhanira. Yang'ananinso m'mwamba ngati pali chisa cha mavu, ndi m'mbali ngati payanga chitedze, chomwe m'chilimwe chimatha kuthetsa ulendo wonse ndi kulira. Mwana aliyense akhale ndi kamtengo kofufuzira. Dzanja lizipita pokhapo pomwe maso aona.

Manambala aja

Apa ndi pomwe ambiri amachita mantha, pomwe palibe chovuta. Foni yamakono iliyonse ili ndi GPS, ndipo GPS imalandira masiginolo kuchokera ku masetilaiti, sidya bandulo. Chomwe chimadya bandulo ndi mapu. Ndiye mukakhala pa intaneti koperanitu mapu a dera lanu pa Google Maps, kapena ikani pulogalamu ngati Organic Maps kapena OsmAnd, zomwe zimagwira ntchito popanda netiweki.

Mukaima pomwe mwabisa botolo, dikirani mphindi imodzi kuti kadontho kosonyeza pomwe muli kakhazikike. Kenako dinani pakadonthopo osachotsa chala, manambala awiri aoneka. Kufupi ndi boma la Mulanje, oyamba amayamba ndi -16.0 ndipo achiwiri ndi 35.5. Kamzere kali kutsogolo kwa 16 kaja kakusonyeza kuti tili kummwera kwa Equator. Mukakaiwala polemba, foni idzatumiza ana anu ku Sudan. Lembani manambala asanu pambuyo pa kadontho. Chifukwa chake ndi masamu: digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye nambala yachitatu pambuyo pa kadontho ikuimira mamita 111, yachinayi mamita 11, yachisanu mita imodzi. Mukalemba atatu okha, mwapatsa ana bwalo la mpira lonse kuti asakemo kabotolo.

Ngakhale mulembe bwino, foni imaphonya ndi mamita asanu kapena khumi, ndipo imaphonya kwambiri pansi pa mitengo yowirira kapena pafupi ndi thanthwe lalitali lotchinga thambo. Chokanipo mapazi makumi awiri, bwereraninso, muone ngati manambala akufanana. Chitani katatu n'kutenga apakati. Ana auzeni kuti foni imangowafikitsa pakhomo. Ikati mwafika, ilowe m'thumba, maso agwire ntchito.

N'chifukwa chake botolo lililonse limafuna chilapi chake. Ngati lili kum'mawa kwa mtengo wa mango, lembani kuti: "Ndakhala kumapazi kwa mayi amene amadyetsa ana mu Disembala, mbali yomwe amayamba kuothera dzuwa." Agogo ndi akatswiri pa ntchito imeneyi, apatseni. Manambala ndi chilapi cha botolo lachiwiri muziike m'botolo loyamba, za lachitatu m'lachiwiri, mpaka kumapeto. Mukatero ana sangadumphe malo, ndipo wothamanga kwambiri amayenera kudikira anzake.

Pakhomo popanda foni yamakono masewerawa amatheka ndithu. Jambulani mapu papepala, muikepo mtsinje, tchalitchi, chigayo ndi mbali yomwe kuli phiri. Mtunda muziyeza ndi tayala. Tayala la njinga zikuluzikulu zija, la mainchesi 28, likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.2. Mangani kansalu pa sipoko, mwana azikankha njinga uku akuwerenga: kansalu kakafika pansi maulendo 100, mwayenda mamita 220. Malangizo azikhala otere: "Kuchokera pachigayo, loza kuphiri, tayala lizungulire ka 150, khotera kumanja." Mwana wa Sitandade 5 amachita masamu ochulukitsa tsiku lonse osadziwa kuti akuphunzira.

Njira yake

Sankhani njira yozungulira, yoti musabwerere momwe munadzera. Kwa ana a zaka zosakwana khumi, makilomita anayi kapena asanu ndi mabotolo asanu n'zokwana, ndipo loyamba likhale pafupi, losavuta, kuti mtima ukhale m'malo. Lovuta liikeni pakati. Lomaliza likhale pamthunzi pomwe mudzadyere.

Msewu waukulu wa M2, wochokera ku Luchenza kudutsa pa Chitakale ndi pa boma mpaka kuchipata cha Muloza, si wa ana. Mumadutsa malole opita ku Mozambique, maminibasi olimbirana anthu ndi njinga zamoto za kabaza, ndipo tsiku la msika pa Limbuli kapena pa Chitakale ngakhale wamkulu amatsika n'kukankha. Ngati n'kofunika kuwoloka, onse atsike, awoloke pamodzi akukankha. M'timisewu ta m'minda ya tiyi chenjerani ndi mathirakitala okoka ngolo za masamba, makamaka pafupi ndi mashedi oyezera. Othyola tiyi ali pantchito. Apatseni moni, apatseni njira, ndipo musawajambule osapempha.

Ana okulirapo angathe ulendo wochokera pa Chitakale kutsata msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, thanthwe la Chambe likukulirakulira kutsogolo. Kumbukirani kuti kupita ndi kubwera ndi 20, ndipo kagawo komaliza kokwera ku ofesi ya zankhalango n'kotopetsa. Kumeneko ndi komwe umayambira mpikisano wothamanga wa Porters Race chaka ndi chaka. Njinga zimatsala kumunsi, ndipo ku Dziwe la Nkhalamba mumapita wapansi, bwino ndi wolondolera wa komweko. Dziwelo ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo anthu adamirapo. Mwana asalowe chifukwa choti waona anyamata akudumphira.

Mabotolo anu athere kunja kwa malire a nkhalango. Phirili ndi lotetezedwa kuyambira 1927, ndi kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala mozungulira. Maiwe ndi mapanga ena ndi malo a mizimu, othirirako nsembe. Kumeneko si koika botolo la chiponde. Ana auzeni za Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, auzeninso kuti tiyi akumuonayo adayamba kudzalidwa kuno mu 1891, pomwe Henry Brown adadzala mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre pa Thornwood. Mfundo zoterezi mukhoza kuzilemba patimapepala, kamodzi m'botolo lililonse, kuti pakudya mufunsane.

Njinga

Njinga muikonze dzulo lake, osati m'mawa wa ulendo. Mabuleki onse awiri agwire. Njinga yoimitsa ndi chidendene patayala isapite. Popani matayala, thirani oilo patcheni, mangani chishalo pamsinkhu woti mwana afike pansi ndi zala za kumapazi. M'chikwama mukhale pampu, zigamba, sulushoni, sipanala ndi chubu chimodzi chapadera. Okonza njinga ali ponseponse m'misika, koma tayala limaphwa pakati pa munda.

Ngozi yofala kwa ana okwezedwa pakaliyala ndi phazi kulowa m'masipoko. Chilonda chake chimakhala choipa ndipo chimachedwa kupola. Mwana avale nsapato zotseka, osati masilipasi, pakhale popondera, ndipo mbali zonse za tayala lakumbuyo mutchinge ndi kabolodi yolimba kapena pulasitiki. Pakaliyala pakhale mwana mmodzi yekha. Amayi amange chitenje mokwezeka kuti chisakodwe m'tcheni. Chipewa chotetezera mutu, ngati chilipo chimodzi, avale wamng'ono amene akupalasa yekha.

Poyenda, wamkulu mmodzi akhale kutsogolo, wina kumbuyo, ana pakati, onse kumanzere, mondondozana. Foni isatuluke njinga ikuyenda. Wogwira foni aime, ayang'ane, aibweze m'thumba, anene kuti "tikhotera pamtengo wa bulugama uwo," ndiye mupitirire. Udindo uzisinthana pa botolo lililonse: wina foni, wina kuwerenga chilapi, wina kulemba m'kabuku. Wamkulu akaliona botolo msanga, aluze dala. Wamng'ono akapanda kupeza ngakhale limodzi, ulendo wina sadzabweranso.

Nyengo ya kuphiri

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, misewu itauma. Koma imeneyi ndi miyezinso ya chiperoni, pomwe nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kugwa mwadzidzidzi n'kukhala masiku. Aliyense atenge juzi. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi likanyowa limaterera komanso limamatirira kumatayala, ndipo mabuleki ogwira parimu yachitsulo yonyowa amachedwa kuluma. Kukacha phiri litaphimbika mpaka m'munsi, sinthani tsiku. Mu Okutobala nyamukani 6 koloko, pofika 10 mukhale mwamaliza, ndipo munthu aliyense akhale ndi botolo lake la madzi a kunyumba.

M'dzinja ndi bwino kungosewerera pafupi ndi nyumba. Mitsinje ya Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Muloza imachokera pamwamba pa phiri, ndiye imatha kudzaza mwadzidzidzi kumunsi kuli dzuwa, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula mapiri, kukokolola milatho ndi kusintha njira za mitsinje m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe, moti mapu a pa foni akhoza kukuonetsani mlatho pomwe palibe. N'chifukwa chake wobisa mabotolo ayende yekha njira yonse pa njinga tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanachitike, osadalira zomwe ankadziwa kale.

Kamba wa paulendo safuna ndalama zambiri: mbatata yophika, nthochi, mtedza, chinanazi chogula m'njira, thobwa. Makoko ndi mapepala zibwerere m'chikwama. Moto musasonkhe, makamaka udzu ukauma.

Amene wakonda masewerawa n'kufuna kuti botolo lake lidziwike kwa alendo obwera kudzakwera phiri akhoza kulilembetsa pa geocaching.com. Kumeneko munthu wodzipereka amayamba waunika ngati latsata malamulo: chilolezo cha mwini malo, kusakwirira, ndi kutalikirana ndi lina mamita osachepera 161. Wolembetsayo amayenera kumaliyendera, kusintha kabuku kakanyowa ndi kubwezeretsa likasowa. Ndi udindo wa zaka. Ine ndingati banja liyambe ndi masewera a tsiku limodzi, lichite kangapo, kenako lione ngati pali malo ndi mlonda wodalirika.

Mukamaliza, womaliza pamzere azitola botolo lililonse gulu likangolemba maina, kapena wamkulu abwerere madzulo omwewo. Werengani: mudabisa asanu, abwere asanu. Dzerani kwa amfumu ndi kwa alonda a mabotolo kukathokoza, ana ali nanu. Ulendo wotsatira asiyireni ana okulirapo kuti abise ndi kupeka zilapi, inu ndi agogo musake. Koma malo aliwonse omwe asankha, munthu wamkulu mmodzi ayambe wawaona ndi maso ake, ndipo mwini malowo akhale atavomera botolo lisanaikidwe.